Anangozo ndi Nambala ya pa Mjigo

Chaka chatha chiikireni Anangozo m'manda, koma pakamwa pa anthu sanagonebe. Loweruka lapitali tikuwaka chiliza chawo, ndinamva amayi awiri akunong'onezana kuseri kwa mulu wa njerwa kuti gogoyu anafa ndi nambala. Ati munthu sungamwe madzi a chilombo n'kukhala bwinobwino. Ndinatula ndowa ya mchenga n'kuwayang'ana mpaka anakhala chete. Ine ndinalipo pamene Anangozo ankatsirizika kuchipatala ku Boma. Anafa ndi sitiroko atapitirira zaka makumi asanu ndi atatu, mano ambiri akadali m'kamwa. Ngati madzi a chilombo amamufikitsa munthu pamenepo, nditungireniko ndowa ziwiri. Ndalemba izi kuti onong'ona aja apeze choti atsutse poyera.

Anangozo anali mphunzitsi wa masamu pasukulu ya pulaimale ya kwathu kuno, kufupi ndi Kasinje. Anaphunzitsa makolo, anaphunzitsa ana awo, ndipo atapuma ntchito dzina loti Amadamu silinawachoke. Anali aafupi, a mawu aakulu, ndipo sankatha kudutsa nambala osaiimitsa. Ankati mlendo ukakumana naye umamufunsa chiwongo, ndiye nambala nayonso uziifunsa chiwongo. Minibasi ikaima pamsewu, anzawo akulimbirana mpando, iwo amakhala kumbuyo kwake akuwerenga nambala, milomo ikugwedera. M'tchalitchi mkulu wa mpingo akalengeza nyimbo, ife oyandikana nawo timamva kachinong'ono: yogawika pawiri iyi. Kapena, ndi chimwemwe chenicheni: yosagwada!

Zosagwada ndi dzina limene iwo anapatsa nambala monga 7, 11 ndi 37, zimene sizigawika ndi nambala ina iliyonse koma 1 ndi izo zokha basi. Ankazikonda ngati mmene timakondera anyamata atatu aja amene anakana kugwadira fano mpaka kuponyedwa m'ng'anjo. Ankati nambala ina iliyonse, kaya ikule bwanji, ndi zosagwada zingapo zochulukitsidwa pamodzi, ndipo ukaiphwasula bwino umapeza makolo ake. Analinso ndi kasiyanitsidwe kena. Utenge nambala zonse zimene zimagawa nambala yakoyo popanda chotsala, kupatula iyo mwini, uziwonkhetse. Zikalephera kuifika, monga 1, 2 ndi 4 zimalepherera kufika 8, imeneyo ndi yoperewera. Zikapitirira, monga zimachitira za 12, ndi yosefukira. Zikangofika ndendende, ndi yokwana, ndipo zokwanazo n'zosowa ngati anthu olungama. Ankaphunzitsa zimenezi ngakhale kwa ife akuluakulu tikusenda nandolo, tifune tisafune.

Sindinena kuti anali munthu wofewa. Anakanganapo ndi abusa atatu motsatizana. Mmodzi analalikira kuti masamu ndi nzeru za dziko lapansi, zosathandiza pa chipulumutso, ndipo ponena za nyenyezi anati chiwerengero chake ndicho nambala yaikulu kuposa zonse. Potuluka Anangozo anawadikira pakhomo.

"Abusa, tchulani nambala yaikulu imene mukuidziwa."

"Amayi, lero ndi la Sabata."

"Tchulani, ine ndiwonjezerapo imodzi. Mukatchulanso ndiwonjezeranso. Palibe nambala yomaliza, abusa. Ine kupanda malire kwa Mulungu ndinayamba kukumvetsa pamenepo, sikuguwa kwanu ayi."

Abusawo sanawaiwale, ndipo iwonso sanapepese. Ankakwiya ndi mlembi wa mpingo akalengeza kuti kumsonkhano kunafika anthu pafupifupi mazana awiri. Ankati Mbusa wabwino anasiya nkhosa makumi asanu ndi anayi mphambu zisanu ndi zinayi n'kukafuna imodzi chifukwa sankadziwa mawu oti pafupifupi. Mnzawo wokangana naye mokoma anali Che Saidi, Msilamu wa golosale pamsewu. Ankatsutsana za Mulungu pakhonde la sitolo mpaka makasitomala kutopa, kenaka Che Saidi n'kuwaikira tisabola m'thumba.

Za bambo awo ankakamba kawirikawiri. Bambowo anagwira ntchito kumigodi ku Joni ali mnyamata, ndipo kumeneko anawaveka chibangili cha nambala padzanja. Kapitawo sankawaitana dzina, ankangofuula nambalayo. Anangozo ankati bambo awo anavala nambala padzanja lamanja zaka zonsezo, nabwerako akadali Ngozo, akuvina ngoma ndi chishango, akupemphera asanadye. Nambala sinawadye mzimu. Chimene chikanawadya ndi kugwada. Mawu amenewa ndinawamva nthawi zambiri ndisanadziwe ntchito yake.

Ntchito yake inaoneka dzinja lina, zaka zingapo asanamwalire. Mudzi wathu uli ndi mjigo umodzi, ndipo pamutu pake pali kachitsulo kokhomedwa ndi nambala iyi: 10741425156. Tinatunga pamenepo zaka zambiri popanda woiwerenga. Kenaka kunabwera Fanuwelo, mwana wa konkuno amene anapita ku Lilongwe akukonza mafoni n'kubwerako ali mneneri, ndi suti yoyera ndi zokuzira mawu. Anamanga tenti pabwalo la mpira. Tsiku lina masana anaima pamjigo, amayi ali pamzere ndi zigubu, nakweza foni m'mwamba. Analemba nambala ya pakachitsulo, naigawa ndi 666, nambala ya chilombo cha m'Malemba. Inagawika yonse popanda chotsala. Anawonkhetsa manambala ake khumi ndi limodziwo, anakwana 36. Nati muwonkhetse kuyambira 1 mpaka 36 muone chimene mupeze. Anthu anatulutsa mafoni awo. Anapeza 666.

Pomatha sabata, pamjigo panagwa bata. Amayi anayamba kutsikira kudambo kukatunga m'zitsime zosaphimba, mvula ikukokolera zonse za kuthengo momwemo. Nthawi yomweyo n'kuti kumidzi ya kumunsi kukumveka kolera. Alangizi a zaumoyo analankhula mpaka mawu kusasa, koma anthu ankati bola kutsekula m'mimba kusiyana ndi kutaya moyo wosatha. Amene ankatungabe pamjigo anali mabanja ochepa, ndi akazi a Che Saidi. Kenaka a kutenti analengeza kuti Lachisanu m'mawa adzazula mutu wa mjigo ndi kuthira miyala m'dzenjemo. Dzenje la mjigo likalowa miyala, latha.

Lachinayi masana a Nyoni, wapampando wa komiti ya mjigo ndiponso mkulu wa mpingo wathu, anapita kwa Anangozo. Ine ndinawaperekeza monga membala wa komitiyo. Tinawapeza pakhonde akusankha nyemba.

"Amadamu, anthu awa onse munawaphunzitsa ndinu," anatero a Nyoni. "Mukangoima mawa n'kunena kuti foni yalakwitsa, akhulupirira inu."

Anangozo anatola khala n'kuwerama. Anagawa nambalayo pasimenti ya khonde, mzere ndi mzere, osafulumira. Pansi penipeni analemba 16,128,266, pambali pake ziro.

"Foni sinalakwitse."

"Ndikudziwa, Amadamu. Koma ndani akudziwa kugawa chinambala chotere pamanja? Inu mungonena."

"Ndiname?"

"Mupulumutse ana."

"A Nyoni, ndinu mkulu wa mpingo. Tate wake wa bodza mumamudziwa. Mukufuna ndithamangitse chilombo poitana bambo ake?"

A Nyoni anapukusa mutu. Anati chabwino, ndiye apita ndi tcheni cha njinga kapena mwala akafute nambalayo, anthu asaionenso. Anangozo anakana ndi zimenezo zomwe. Anati kufuta ndiko kuvomera kuti pali choopsa, ndipo mawa Fanuwelo adzapeza nambala ina pakhadi la kusikelo ya ana kapena pabotolo la mankhwala, nanga adzafuta zingati? A Nyoni anaimirira atapsa mtima.

"Mwana akafa m'mudzi muno, makani anuwa adzayankha."

"Adzayankha," anatero Anangozo, n'kubwerera ku nyemba zawo.

M'mawa mwake a kutenti anafika akuimba, anyamata atasenza miyala, ena atanyamula masipanala. Anapeza Anangozo atakhala kale pakonkire, msana atatsamira mjigo, miyendo atatambasula, pambali pawo mbale ya makala. Anavala zoyera za amayi a mumpingo. Nyimbo inazilala yokha.

"Mayi, chokani pamalo otembereredwa," anatero Fanuwelo pa chokuzira mawu.

"Iwe Fanuwelo, zimitsa chinthucho. Sindine wogontha."

"Amadamu..." Dzinalo linangomupulumuka, anthu ena n'kuseka. Anazimitsa.

"Tamverani nonse. Mwanayu sananame. Nambala iyi imagawika ndi 666. Ndagawa ndekha dzulo."

Panamveka kubuula. Ndinaona a Nyoni akugwira kumutu.

"Koma Malemba satiuza kuti tikaona nambala tithawe. Amatiuza kuti wanzeru awerengere. Inu mwaifunsa funso limodzi lokha n'kuiweruza. Kodi mlandu umatha ndi mboni imodzi? Sindichoka pano mpaka nditaidziwa chiwongo chake chonse. Wofuna kuzula mjigo ayambe wandinyamula ine."

Palibe anasuntha. Ndani akanagwira thupi la mayi amene anamugwira dzanja pomuphunzitsa kulemba 2?

Anayamba kulemba pakonkire yochapira, akutchula mokweza. Anaigawa pawiri, inalola. Pawirinso, inalola. Patatu, inalola kawiri.

"Wamva, Fanuwelo? Kawiri pawiri ndi katatu, ndiye kuti imagawika ndi 12. Mafuko aja ndi angati? Atumwi ndi angati? Tayesa pafoni yakoyo."

Fanuwelo sanayese, koma anthu anayesa. Inagawika.

"Tsopano 7, tsiku limene Mulungu anapuma." Inagawika. "Tsopano 11, ophunzira amene anatsala wompereka atachoka." Inagawikanso. "Nanga bwanji foni yako inangoona chilombo chokha? Foni imayankha zimene waifunsa. Mtima wako ndiwo unapita ndi funsolo."

Mayi wina wa kutenti anafuula kuti Satana amadziwa kubisala pakati pa zoyera. Anangozo anavomera kuti amadziwadi, ndipo amakonda suti. Kenaka anaphwasula 666 yemweyo pamaso pawo: 2, 3, 3 ndi 37, basi. Anati mukamawerenga kuyambira 1 kupita m'tsogolo, pakangotha nambala 666 zilizonse mumaponda ina yogawika nayo, monga mmene Lachisanu limabwerera sabata iliyonse, ndipo wosula mijigo akamakhoma nambala motsatizana, mjigo wina uyenera kuilandira. Anatinso 6 amene mukumuopayu ndi woyamba mwa nambala zokwana, 1 ndi 2 ndi 3, masiku amene dziko linalengedwa. Ndipo ya pamjigoyi ndi yosefukira, chifukwa theka lake, gawo lake lachitatu ndi lachinayi, kungowonkhetsa zitatu zokhazo zapitirira kale mwini wake. Ngati mukufuna ulosi, anatero, ulosi ndi umenewo: chikho chosefukira. Koma iwo sakulosera, akungowerengera.

Atagawanso ndi 37, pakonkire panatsala 104,729.

"Uyu sindikumudziwa. Tiyeni timufunse."

Anayesa 13, inakana. Anayesa 17, inakana. 19, 23, 29. Kugawa kulikonse ankakuchita pamanja, ndipo akamaliza ankaloza munthu ndi khala. "Iwe Jenifa, bwera uone ngati ndalakwitsa. Unkakhoza masamu iwe usanayambe anyamata." Munthu wamkulu ndi ana ake ankagwada pakonkire n'kumatsatira mzere ndi chala. Fanuwelo anati foni ingathe zonsezi m'kanthawi kochepa. Iwo anati foni yalankhula kale zokwanira sabata ino. Ine ndimakhulupirira kuti ankachedwa dala, koma sindinawafunsepo.

Dzuwa la kuchigwa kuno silichita manyazi ngakhale m'dzinja. Anyamata anatula miyala n'kuikhalira. Ena anapita kukaona mbuzi osabweranso. Che Saidi anatseka golosale nabwera ndi ambulera, naima kumbuyo kwa Anangozo.

"Amadamu, nambala zimenezi zinabwera ndi ife Asilamu, muzisamale."

"Gwirani ambulera bwino, Che Saidi, mukundithira dzuwa pa 101."

Konkire itadzaza, ankafuta ndi chitenje n'kuyambanso pamwamba. Dzuwa litapendeka mawu awo anayamba kuuma. Anaika khala pansi.

"Ndili ndi ludzu. Wina andipopere."

Akazi a Che Saidi anasuntha, koma Anangozo anawaletsa ndi dzanja, ankafuna Mkhristu. Amene anatuluka pagulu anali a Nyoni, nkhope ikadali yokwiya. Anagwira chogwirira n'kupopa mwamphamvu ngati akumenya munthu. Madzi anatuluka, Anangozo anatchera manja, nayamika Mulungu mokweza monga timachitira pa chakudya, namwa. Anamwanso kachiwiri. Anasamba kumaso, natolanso khala.

Anafika pa 317 mithunzi itatalika. Inakana. Anafotokoza kuti palibe chifukwa chopitirira, pakuti yosagwada yotsatira, 331, ukaichulukitsa ndi iyo yokha imapitirira kale 104,729. Anadzuka mogwirira mjigo, mawondo akulira, nalemba mzere womaliza ndi zilembo zikuluzikulu: 2 × 2 × 3 × 3 × 7 × 11 × 37 × 104,729.

"Ndi ameneyu mlendo wanu. Makolo ake ndi awa. Ndipo wamkulu mwa onse ndi wosagwada. Chilombo chimafuna ogwada. Muno mulibe chake."

Fanuwelo anali atapita kale ndi anthu ake okhulupirika, akunena kuti akukasala kudya kuti alandire vumbulutso lina. Miyala inatsala pomwepo. Sanabwerenso ndi masipanala.

Ndikanakonda kulemba kuti mudzi wonse unabwerera tsiku lomwelo, koma Anangozo angandidzudzule ali kumanda. Ambiri anabwerera. Mabanja ena a kutenti anapitiriza kudambo, ndipo mvula isanathe tinaika kamtsikana ka limodzi mwa mabanjawo. Pamaliropo, a Nyoni anawayandikira Anangozo, anthu akumva, nati bodza limodzi laling'ono likanabweza onse tsiku limodzi. Anangozo anangodzuka. Anachoka pasiwa, ndipo patapita nthawi tinawaona akubwera pang'onopang'ono, kandowa ka madzi kali pamutu, munthu amene anali atasiya kusenza kalekale. Anatula pakhomo pa mayi wofedwayo n'kugwada.

"Mwana wanga, awa ndi a pamjigo. Sindikubisa. Ukafuna taya."

Mayiyo anayang'ana m'kandowamo. Kenaka anatenga chikho.

A Nyoni sanasinthe maganizo mpaka lero, ndipo ndi munthu woopa Mulungu amene ndimamulemekeza. Koma ine ndili kumbali ya Anangozo. Bodza likanagwira mpaka tsiku limene mwana wa sekondale akanagawa nambalayo pamanja, ndipo pamenepo tikanataya mjigo ndi mphunzitsi yemwe. Fanuwelo akadali ndi tenti yake. Chaka chatha anapeza chilombo pa matumba a feteleza. Anthu anamumvetsera, ena n'kumufunsa kuti wayesa kugawa ndi 7?

Mwezi wathawu mjigo unathyoka ndodo za m'kati, ndipo kunabwera wokonza wochokera ku Boma. Atamaliza anafuna kulemba nambala yake, koma kachitsulo kaja kanachita dzimbiri, manambala apakati osaoneka. Anakanda ndi chikhadabo, nafunsa ngati komiti inaisunga penapake. Amayi amene anali pamzere sanadikire komiti. Anayamba mmodzi, enawo n'kulowa ngati korasi: wani, ziro, seveni, folo, wani, folo, thu, faifi, wani, faifi, sikisi. Wa mawu okwera kuposa onse anali mayi wa kamtsikana kaja. Wokonzayo anaima cholembera chili m'mwamba, nafunsa kuti mudzi wanji uno woloweza nambala ya mjigo. Aliyense anali kukankhira chigubu chake kutsogolo.

Kumunsi kwa mjigo, mbali ya kum'mawa, konkire ndi youma nthawi zonse chifukwa madzi amatsetserekera kwina. Ndi malo abwino kuikapo ndowa podikira, ndipo palibe lamulo loletsa. Koma mzere wa zigubu ukafika pamenepo umakhota, n'kusiya mpata wokwana munthu mmodzi wamfupi wotambasula miyendo.